Katundu Woyenda Yekha

Amalonda a pa Nkhotakota pano, podziwa kuti ndakalambira pa sikelo ndi pa mabuku a mtengatenga, amandifunsa kawirikawiri kuti kodi munthu wanzeru zake angalekane bwanji ndi katundu wake m'dziko la eni, iye nakwera sitima chimanjamanja, chuma chake chonse chikudza pambuyo ndi anthu osawadziwa. Sindiwaseka ofunsawo, pakuti akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo ife a kunyanja tinazolowera kupenya ndi maso athu thumba lililonse la mpunga likukwezedwa m'boti, sitima ya Ilala itaima pakuya.

Komatu kulekana ndi katundu si mwambo wachilendo kuno. Njanji itafika ku Salima mu 1935, Ilala nayonso itayamba maulendo ake mu 1951, bokosi linkanyamuka ku doko la Beira, nilioloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, nilitsika pa Chipoka, nilifika kuno pamadzi, mwini wake ali phee pakhonde. Ndipo chimene chinkaliperekeza njira yonseyo chinali pepala basi.

Lero amene wakapikula nsalu ndi ziwiya ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, akafuna kubwerera pa njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi, amatsikira pa Mbeya. Koma popeza bogi la anthu silinakonzedwere mabelo, katundu wochuluka ayenera kulembetsedwa kuti ayende m'bogi lake, kapena kuperekedwa kwa a mtengatenga amene lole yawo idzadzere pa Songwe ndi Karonga. Ku Japan, kumene kampani ya Yamato inayamba ntchito yotere mu 1976, sutikesi imakapezana ndi mwini wake kuhotela m'mawa mwake. Kwathu kuno tisadzinamize, pakati pali chipata cha dziko.

Pamene katundu wafika pa ife, timayamba ndi kumuyeza kawiri, kulemera kwake ndi kukula kwake, ndipo mtengo umatsata chimene chapambana. Apa ndi pamene pamabuka mkangano, pakuti mayi wobwera ndi matiresi atatu amadabwa kulipitsidwa ngati amene wabweretsa injini ya boti, osazindikira kuti chimene tikugulitsa ndi malo m'galimoto, ndipo matiresi, ngakhale apepuke chotani, adya malo a mabokosi khumi. Kenaka timalemba lisiti: nambala, kuchuluka kwa mitolo, zimene zili m'katimo, mtengo wake, ndi dzina la wokalandira.

Pa mzere wa mtengowo ndi pamene abale anga ambiri amadzikumbira okha dzenje. Pofuna kupeputsa msonkho wa MRA pachipata, munthu amatiuza kuti tilembe theka la zimene analipira, nachoka akumwetulira. Koma tsiku limene belo lanyowa kapena lasowa, chipukuta misozi chimawerengedwa pa nambala yomweyo imene anatchula ndi pakamwa pake, ndipo palibe kalaliki angasinthe cholembedwa. Choipa koposa n'chakuti lole imodzi imasenza katundu wa anthu ambirimbiri, kotero kuti a kasitomu akatsegula mtolo umodzi napeza mafoni pamene palembedwa nsapato, onse osalakwa amagona pachipata pamodzi ndi wolakwayo. Kuchedwa kumene anthu amati n'kuba kwa a mtengatenga, nthawi zambiri gwero lake ndi limeneli, kapenanso lole imene sinyamuka isanadzaze.

Tsono pasipoti, ndalama, mankhwala a kuchipatala ndi lisiti lenilenilo zikhale pathupi panu. Dzina ndi nambala ya foni zilembedwe kunja kwa mtolo, ndipo pepala lina lotero liikidwe m'kati, chifukwa zolemba zakunja zimafufutika ndi mvula ndi zingwe. Funsaninso, musanapereke khobidi, kumene ulendo wa katunduyo uthere: ambiri amatula ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ndipo mtunda wotsalawo, wodzera Nkhata Bay ndi Dwangwa kapena Salima, ngwolipira padera. Ngati wokatenga ndi mlamu wanu, dzina lake lilembedwe pa tsiku lotumiza monga momwe lilili pa chitupa chake cha unzika, pakuti ife sitipereka mtolo kwa munthu chifukwa chakuti wafanana nkhope ndi mwini wake.