Chifuwa Chikapana Usiku: Asilikali a M'thupi ndi Matenda a Mtima

Ambiri a ife kuno kunyanja tili ndi abale ku Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri. Mwezi wa June ukafika, Chiperoni nayamba kuwomba, timamva kuti bambo wina akudzuka usiku atagwira pachifuwa, koma kukacha ali bwinobwino. Ena amati ndi mpweya wa m'mimba chabe. Awerengi athu, nthawi zina vuto limakhala mtima.

Mtima uli ndi mitsempha yakeyake youpatsa magazi. Mitsemphayi ikachepa chifukwa cha mafuta, munthu amamva kupana pachifuwa pokwera chitunda, ndipo akapuma ululu umaleka. Madokotala amatcha vutoli angina. Koma mu 1959 dokotala wa ku America, Myron Prinzmetal, adafotokoza mtundu wina. Apa mtsempha umangofinyika wokha munthu ali gone, kawirikawiri pakati pa usiku ndi mbandakucha, ngakhale mtsemphawo ulibe mafuta ambiri.

Nanga chitetezo cha m'thupi chikubweramo bwanji? Mu 1991 dokotala wa ku Greece, Nicholas Kounis, adalemba kuti thupi likadana ndi chinthu, monga mbola ya njuchi kapena penisilini, asilikali ena a m'thupi amatulutsa mphamvu yotchedwa histamine. Mphamvu imeneyi ndi yomwe imabweretsa zidzolo ndi kuyabwa, komanso ingathe kufinya mtsempha wa mtima. Tsono asilikali ofuna kutiteteza amasanduka otivulaza.

Utsi wa fodya nawo umapweteka khungu la m'kati mwa mitsempha, asilikali nathamangirako, malowo natupa. Nchifukwa chake vutoli limakonda anthu osuta. Kuzizira ndi nkhawa zimaliputanso. Pakati pa anthu amene ali ndi HIV, asilikaliwa amakhala pankhondo zaka zambiri, ndipo ichi chimawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima. Kumwa ma ARV mokhulupirika kumachepetsa nkhondoyi.

Chithandizo chilipo. Mankhwala monga amlodipine ndi nifedipine, amene timawadziwa pa matenda a bipi, amamasula mitsempha, ndipo pali kambulu koika pansi pa lilime ululu ukayamba. Koma awa ndi opereka adokotala atayeza, osati ogula pamsika.

Tiwauze abale athu kuti ayambe pachipatala chaching'ono cha kwawo, monga cha Zingwangwa kapena Chilomoni, nafotokoze nthawi imene ululu umabwera, chimene adadya ndi mankhwala amene adamwa. Ululu ukapitirira mphindi 15, ukafika kumkono kapena kunsagwada, pamodzi ndi thukuta ndi befu, asadikire kuti kuche: athamangire ku Queen Elizabeth Central Hospital, kumene angayezedwe mtima ndi makina a ECG.

Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno adali ndi bipi yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Tiyezetse, tisiye fodya, ndipo tisabise zowawa, pakuti safunsa adadya phula.