Gasiketi ya hedi: osathamangira yotchipa

Galimoto zambiri zimene zimanyamula tomato, kabichi ndi nandolo kuchokera ku Mbulumbuzi, Njuli ndi Namadzi kupita ku msika wa Limbe ndi zakalekale. Zina mwa izo ndi za Toyota zokhala ndi injini za dizilo za turbo, monga 2L-T ya malita 2.4 ndi 1KZ-TE ya malita 3.0 imene inayamba kupangidwa mu 1993. Ndi injini zopirira, koma sizigwirizana ndi kutentha kopitirira muyeso. Zikawira pachitunda zitasenza katundu, makamaka m'dzuwa la Okutobala, kawirikawiri gasiketi ya hedi imapsa.

Gasiketi imeneyi imakhala pakati pa hedi ndi buloko. Ntchito yake ndi kutseka kuti moto wa m'masilinda, madzi ndi oyilo zisakumane. Injini ya turbo imapanikiza mpweya wambiri kuposa injini wamba, motero gasiketi yake imavutika kwambiri. Ikapsa, madzi amatha mu redieta popanda kudontha pansi, mu redietamo mumatuluka thovu, utsi umayera, ndipo nthawi zina oyilo amaoneka ngati tiyi wamkaka.

Apa ndi pamene eni galimoto ambiri amatayira ndalama. Poona madengu a tomato akuyamba kufewa, amathamangira ku shopu ya masipeya n'kugula gasiketi iliyonse yotsika mtengo. Komatu pa ntchito yonseyi gasiketi ndi gawo lochepa chabe. Ndalama zambiri zimapita kwa makaniko, ku oyilo watsopano, ndi ku masiku amene galimoto yaima osagwira ntchito. Gasiketi ikaphulikanso patangotha mwezi, zonsezi zimalipiridwa kawiri.

Choyamba ndi kudziwa injini. Dzina la galimoto silokwanira, chifukwa galimoto zakale zambiri zinasinthidwapo injini. Mtundu ndi nambala ya injini zimadindidwa pa buloko. Wopita ku shopu alembe nambalayo, ndipo anyamule gasiketi yakale kuti akayerekeze bowo lililonse la madzi, la oyilo ndi la mabawuti. Ya injini yopanda turbo ingaoneke yofanana, koma si chifukwa choigulira.

Chachiwiri ndi kukhuthala. Magasiketi a injini zimenezi sakhala a muyeso umodzi. Amasiyana pang'ono kwambiri, pafupifupi mamilimita 0.1, ndipo opanga amaika chilembo kapena timipata m'mphepete posonyeza muyesowo. Woyenera amausankha poyeza mmene mapisitoni akutulukira pamwamba pa buloko. Yopyapyala kwambiri ingachititse pisitoni kugunda mavavu. Yokhuthala mopitirira imachepetsa mphamvu ndipo injini imavuta kulira m'mawa. Ngati buloko linapalidwa, chizindikiro cha gasiketi yakale sichingadaliridwenso, makaniko ayeze.

Chachitatu ndi mtundu wake. Pali yazitsulo zopyapyala zosanjikiza, imene pa paketi amalemba kuti MLS, ndi yofewa yopangidwa ndi graphite. Yachitsulo imapirira mphamvu ya turbo, koma imafuna kuti hedi ndi buloko zikhale zosalala bwino. Yofewa imabisa timikwingwirima tating'ono, koma siiwongola hedi yopindika. Chanzeru ndi kutsata mtundu umene opanga injiniyo anaika. Yopindika, yadzimbiri, kapena ya m'paketi yopanda nambala ya sipeya ndi yoisiya pa kauntala pomwepo.

Ngakhale gasiketi yabwino siichiritsa hedi yong'aluka. Injini ziwiri zatchulidwazi zimadziwika ndi kung'aluka hedi zikawira. Choncho hedi ipite kwa a makina ku Limbe kapena ku Blantyre akaiyeze ngati yapindika ndiponso ngati ikudontha. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tsiku limodzi lodikira zotsatira n'lotchipa kuposa kumasula injini kachiwiri.

Pomanga, mwini galimoto aone ndi maso ake kuti makaniko ali ndi sipanala yoyezera mphamvu. Mabawuti a hedi amamangidwa motsatira ndondomeko, kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, osati ndi paipi ndi mphamvu za m'manja. Otanuka kapena odyeka asinthidwe. Gasiketi yakale siibwezeredwa, ndipo yatsopano siipakidwa silikoni.

Pomaliza, chimene chinawiritsa injini chipezeke: redieta yotsekeka, thermostat yomata, fani yofooka kapena pampu ya madzi. Madzi a pamjigo okhaokha amasiya dzimbiri ndi zokakamira m'njira za madzi, pamafunika coolant.

Pa mtengo, ndi bwino kufunsa mashopu atatu, kutchula nambala ya sipeya yomweyo paliponse, ndi kutenga lisiti. Amene amachita hayala galimoto ya wina nawonso achenjere: dalaivala akamaima pa Njuli kuthira madzi mu redieta ulendo uliwonse, tomato wakupsa akwere galimoto ina.