Mota yakale ikhoza kudzuka, koma dziwani chopanga ndi chogula

ULÓNGUÈ — M'midzi yambiri ya m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, mukazungulira kuseri kwa nyumba mupeza mota yakale itatsamira nkhokwe, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Zambiri mwa izo ndi Yamaha DT 125, AG 100 kapena Honda XL 125, zija zazitali zopangidwira msewu wafumbi. Eni ake amati zinafa kalekale. Koma amakaniko a m'maofisina ang'onoang'ono akhala akuzidzutsa ndi zipangizo zopanga okha, ndipo zikuyendanso.

Mota zimenezi zili ndi mbiri yake kuno kumalire. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, abale athu pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi anayamba kubwerera kwawo. Misewu inali yokumbika, milatho yambiri itagwa, galimoto sizinkafika kumidzi. Alangizi a zaulimi, azaumoyo opereka katemera ndi antchito a mabungwe othandiza ankayenda pa mota zotere. Ntchito za mabungwe zitatha, zina zinagulitsidwa kwa anthu wamba, ndipo zinanyamula mbatatesi, fodya ndi odwala kufikira tsiku limene chipangizo chimodzi chinasowa.

Mtundu wa DT unayamba ku Japan mu 1968, ndipo AG 100 inatuluka mu 1973, yopangidwira alimi oweta nkhosa ku Australia ndi New Zealand. Ichi n'chifukwa chake mimba yake ili pamwamba, siigunda miyala, ndipo gudumu lakutsogolo ndi lalikulu. Moto wake umachokera ku magineto, kotero imalira ngakhale batire palibe. Lero misika yadzaza ndi mota zatsopano zochokera ku China ndi India, koma kwa munthu wa ku Dómuè kapena Furancungo amene ali kale ndi DT pakhomo, kuidzutsa kukhoza kumupulumutsira ndalama za mbewu ndi feteleza.

Ntchito imayamba ndi kuona ngati injini ikuzungulira. Ngati pisitoni yagwira, musamenye ndi nyundo ayi. Chotsani vela, thirani dizilo pang'ono pabowopo, dikirani masiku atatu kapena anayi, kenaka ikani giya ndi kukankha mota kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Thanki yadzimbiri mumaithira parafini ndi manati akale odzaza dzanja, n'kuikhutchumula kwa nthawi, kutsanula ndi kuiyanika padzuwa. Kabuleta mumaimasula yonse, ndipo timabowo take mumatitsegula ndi kawaya kamodzi kofewa ka kopa, osati singano, chifukwa singano imakulitsa bowo ndipo mota idzayamba kumwa gazolina ngati chidakwa.

Tsono pali zinthu zambiri zimene munthu angapange pakhomo popanda mantha. Junta ya kabuleta ndi ya zotsekera za m'mbali imadulidwa pa katoni yolimba yopakidwa girizi. Junta ya kumutu kwa injini, ngati ndi yakopa ndipo sinang'ambike, mumaiotcha pamakala mpaka ifiire, n'kuiviika m'madzi, ndipo imafewa n'kugwiranso. Sefa ya mpweya imachokera ku chidutswa cha siponji ya matiresi yonyowetsa ndi oyilo ndi kufinya bwino. Mpando ndi siponji yomweyo yokutidwa ndi lona. Chotchinga matope chimadulidwa pa chigubu cha malita 20, ndipo timphira ta popondera timasemedwa pa tayala lakale la galimoto. Paipi ya utsi ya DT ikatsekeka ndi mwaye, mumaichotsa, kuiika pamoto wa nkhuni ndi kuigogoda kuti makala agwe. Zonsezi zikalephera panjira, mota ingozima, inu n'kuikankha kubwerera kunyumba. Mutaya tsiku, koma simutaya mwendo.

Koma pali zina zimene, abale, sitiyenera kupanga tokha ngakhale ndalama zitavuta bwanji. Ena amakhomera mphira wa tayala pa nsapato za mabuleki. Mphira umenewu ukatentha pamtsetse umasungunuka kapena kumatuka, ndipo gudumu limagwira mwadzidzidzi. Ena amaika waya wa buleki ya njinga yakapalasa, umene ndi wowonda ndipo umaduka pa nthawi yomwe mukuufuna kwambiri. Enanso amawotcherera mano a siporoketi kapena kulumikiza tcheni ndi msomali. Tcheni ikaduka mota ili paliwiro, imakulunga gudumu kapena kuswa injini. Mafoloko opindika ndi chiwongolero chothyoka siziwongoledwa pamoto. Zinthu izi, pamodzi ndi tayala lakutsogolo ndi mabering'i a magudumu, gulani zenizeni. Ngati ndalama sizikwana lero, mota idikire mpaka mutagulitsa mbatatesi. Inadikira kale zaka zambiri.

Nkhani ina yaikulu ndi ya oyilo. DT ndi AG 100 ndi injini zowotcha oyilo pamodzi ndi gazolina. Zinabwera ndi pampu yake yotchedwa Autolube, koma pa mota zambiri zakale pampuyo inachotsedwa. Ngati yanu ilibe, sakanizani nokha: mamililita 200 a oyilo wa 2T mu malita 5 a gazolina, kukhutchumula m'chigubu musanathire m'thanki. Oyilo wakuda wochotsedwa m'galimoto ndi mafuta ophikira siziyenera kulowa m'menemo. Honda XL ndi ina: iyo oyilo wake amakhala m'mimba mwa injini, ndipo muyenera kumuyang'ana m'mawa uliwonse musananyamuke. Vela imakuuzani zonse. Ikakhala yofiirira ngati khofi wamkaka, zili bwino. Ikada bii, gazolina wachuluka kapena sefa yatsekeka. Ikayera mbee, injini ikutentha ndipo pisitoni ili pangozi. Mpata wa kukamwa kwa vela ukhale pakati pa 0.6 ndi 0.7 wa milimita.

Ikadzuka, musathamangire ku Calómuè kapena ku msika wa Lizulu tsiku lomwelo. Yendani mtunda waufupi masiku oyamba, ndipo mukabwerako muzimanganso manati onse. Pamatope yendani ndi giya yachiwiri, osagwira buleki yakutsogolo mwamphamvu. Mukaoloka mtsinje, mabuleki amanyowa ndipo sagwira, choncho yendani pang'ono mutawapondako kufikira aume. Pamtsetse wautali, ngati mumasakaniza oyilo m'thanki, muzipatsako moto apa ndi apo, chifukwa injini yotsekedwa mafuta imakhalanso yopanda oyilo. Katundu akhale woti mota ingathe kuima naye. Thumba limodzi lofika kumsika limaposa atatu omwazika m'phompho.

Musaiwalenso mapepala. Musanagule mota yakale kwa mnzanu, yerekezani nambala yolembedwa pachitsulo cha pakhosi pake ndi imene ili mu livrete. Ngati nambalayo yapalidwa, isiyeni pomwepo, chifukwa pamalire kapena pamsewu mudzayankha mlandu wa wina. Safunsa anadya phula. Lamulo la pamsewu la dziko lathu limafunanso kuti woyendetsa ndi wokwera avale kapasete.

Manja a amisiri a kumidzi kwathu ndi aluso, ndipo chigubu, siponji ndi katoni zabwezera mota zambiri pamsewu. Luso lenileni ndi kudziwa polekezera. Mota imeneyo mawa idzanyamula mayi woyembekezera kupita kuchipatala cha ku Ulónguè usiku, ndipo pa ulendo umenewo mabuleki ayenera kukhala ogula.