Musanagule TV yopyapyala, itembenuzeni kaye

M'masitolo a katundu wa magetsi ku Limbe, ku Area 2 mumzinda wa Lilongwe kapena m'tauni ya Mzuzu, ma TV amawandandalika moyang'ana kukhomo, onse ali ngwee, akuonetsa mpira kapena nsomba zamawangamawanga. Wogula akalowa amafunsa zodziwika kale: ndi ya mainchesi angati, kodi imalowa pa YouTube, nanga mtengo womaliza ndi uti. Akagwirizana, TV ija amaibwezera m'katoni, ulendo wa kunyumba. Ndi ochepa amene amapempha kuti aitembenuze aone kapepala komatidwa kumsana kwake, komwe kamanena kuchuluka kwa magetsi amene chipangizocho chimadya.

Kale funsoli linalibe ntchito kwenikweni. Bilu ya ESCOM inkabwera mwezi ukatha, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti firiji yadya zingati, simbi yadya zingati. Lero nyumba zambiri za m'tauni zili pa mita yolipiriratu. Mayunitsi amagulidwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mwini nyumba n'kumaona ndi maso ake manambala akutsika. Mita ikayamba kulira, mlandu umagwera chimene chikuoneka, ndipo pabalaza choonekera kwambiri ndi TV. Ana amakalipiridwa kuti akutha magetsi ndi makatuni. Nthawi zambiri mlanduwo umakhala wonamizira, koma si nthawi zonse.

Kawerengedwe kake ndi kosavuta. Yuniti imodzi ndi magetsi amene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. TV yatsopano ya LED ya mainchesi 32 imadya mawati apakati pa 30 ndi 50. Titenge 40. Ikamayaka maola 6 tsiku lililonse, pa mwezi wa masiku 30 yadya mayunitsi 7 ndi pang'ono. Hotipuleti ya mawati 1,000 imamaliza mayunitsi omwewo pa maola 7 okha, ndipo aliyense amene anaphikapo nyemba zouma pa magetsi akudziwa kuti maola 7 satenga sabata. Ketulo, simbi ndi giza ndiye osanena. M'nyumba yophikira magetsi, TV yaing'ono ya LED si imene ikukusaukitsani.

Nkhani imasintha TV ikakula, kapena ikakhala yakale.

Tiyambe ndi kukula. Mainchesi amayezedwa mopingasa, kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anizana nayo. Motero TV ya mainchesi 55 siposa ya 32 pang'ono chabe monga manambalawo akuonekera: galasi lake ndi lalikulu pafupifupi katatu. Kumbuyo kwa galasilo kuli timagetsi tounikira chithunzi, ndipo malo akachuluka katatu, kuwala kofunika kumachulukanso. Ma TV ambiri a mainchesi 55 amadya mawati oyambira cha m'ma 80 mpaka kupitirira 100, makamaka akakhala a 4K. Apa pali funso lomwe wogulitsa sadzakufunsani: kodi mudzaonera chiyani? Ngati ndi MBC, Times kapena Zodiak pa dikoda ya Kiliye Kiliye kapena GOtv, chithunzi chobwera si cha 4K ayi. TV imangochikoka kuti chidzaze galasi. Mwalipira zambiri m'sitolo, mukulipiranso pa mita, koma nkhope ya wowerenga nkhani ndi yomwe ija. Pabalaza la nyumba zambiri za lendi, pomwe mpando uli mamita awiri kuchokera kukhoma, TV ya mainchesi 40 kapena 43 imakwana bwino lomwe. Yoposa apo nthawi zambiri imagulidwira alendo.

Za ukalamba ndiye zofunika kusamala kwambiri, chifukwa kuno TV yopyapyala iliyonse timangoti pulazima. Pulazima yeniyeni ndi mtundu wakewake, ndipo ndi yadyera. Ya mainchesi 42 imatha kudya mawati 200 kapena 300. Makampani akuluakulu monga Panasonic, Samsung ndi LG analeka kupanga ma TV amenewa pofika mu 2014, kotero pulazima yeniyeni imene mungaipeze lero ndi ya kaunjika, yoti yatha zaka zoposa 10. Imabwera m'makontena pamodzi ndi mafiriji ndi masofa, kapena m'bale wa ku Johannesburg amaitumiza pa basi iye atagula yatsopano. Mtengo wake umakoma. Koma ya mawati 250 ikayaka maola 6 omwe aja, pa mwezi yameza mayunitsi 45, pamene ya LED ija inadya 7. Tengani lisiti lanu la mayunitsi, muone mtengo wa yuniti imodzi, muchulukitse ndi mayunitsi 38 oonjezerawo, kenaka ndi miyezi 12. Ndalama imene munapulumutsa pogula imabwerera ku ESCOM pang'onopang'ono. Kuzindikira pulazima sikuvuta: imalemera moti munthu mmodzi amavutika kuinyamula, galasi lake ndi lolimba, ndipo ikayaka kwa theka la ola mukaika dzanja pamwamba pake mumamva kutentha. Ma LCD oyambirira, okhuthala m'mbali, omwe ankaunikiridwa ndi timachubu m'malo mwa LED, nawonso amadya kuposa atsopano, ngakhale safika pa pulazima.

Nanga kapepala ka kumsana kaja? Pamalembedwa nambala yotsatana ndi chilembo W. Nambalayo kawirikawiri imasonyeza malire apamwamba, TV ikawalitsidwa mpaka pomaliza ndi mawu okwezedwa, ndiye poonera wamba imadya zocheperapo. Komabe poyerekeza ma TV awiri ofanana kukula, imathandiza. Ma TV opangidwira msika wa ku Ulaya ndi ku Britain amakhala ndi chizindikiro china cha mizere yamitundumitundu, yobiriwira pamwamba, yofiira pansi. Kuyambira mu March 2021 zilembo zake zimayambira A kulekeza G, ndipo muyeso anaukhwimitsa moti ma TV ambiri abwinobwino amagwera pa E, F kapena G. Choncho F wa lero asakuopseni, ndipo A+ wa pa katoni yakale asakukopeni. Chilembocho chimayerekeza TV ndi kukula kwake, kotero yaikulu ya E ikhoza kudya kuposa yaing'ono ya G. Chothandiza ndi nambala ya m'munsi, ya kWh pa maola 1,000. Ikalembedwa 50, ndiye kuti TV imeneyo imadya mawati 50. TV yopanda kapepala kalikonse, kapena yomwe dzina lake likufanana ndi la kampani yotchuka koma chilembo chimodzi chasokonekera, ine sindingaiponyere ndalama, ngakhale wogulitsa alumbire motani.

Amene nkhaniyi imawakhudza kwambiri si a pa mita ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi. Opanda magetsi a ESCOM, akafuna kuonera mpira kunyumba, amadalira sola ndi batire. A m'tauni nawo anaphunzira mu January 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabatire ndi mainiveta analowa m'nyumba zambiri nthawi imeneyo.

Pa batire, wati iliyonse imawerengedwa. Batire ya 12V yolembedwa 100Ah imasunga magetsi okwana yuniti imodzi ndi pang'ono, koma ya mtovu siyenera kutsitsidwa kupyola theka, apo ayi imafa msanga. Iniveta nayo imadyako gawo lake posandutsa magetsiwo. Zotsala zenizeni ndi pafupifupi theka la yuniti. TV ya mawati 40 ndi dikoda yake zitha kuyaka maola ngati 10 pa batire imeneyo. Pulazima ija, maola awiri. Mpira ukapita ku nthawi yoonjezera ndi mapenate, omalizawo mudzawamvera pa wailesi. N'chifukwa chake ogulitsa zida za sola amakonda ma TV a 12V, a mainchesi 24 kapena 32, olumikiza ku batire mwachindunji popanda iniveta. Pa ma TV otere kapepala kamatha kungonena mavoti ndi maampu. Kuchulukitsa ziwirizo kumapereka mawati, monga 12V ndi 3A kukhala 36. Munthu wa kumudzi amene akufuna kutsegula vidiyo sho pa sola akasankha TV yosusuka, amagulanso panelo yachiwiri ndi batire yachiwiri, zomwe mtengo wake ungapose wa TV yomweyo.

TV ikafika kunyumba, pali ntchito ya mphindi zochepa imene ambiri sachita. M'sitolo amaitchera kuti iwale mopambanitsa kuti ipikisane ndi zinzake pansi pa magetsi owala. Poyiyatsa koyamba imafunsa ngati ili m'sitolo kapena kunyumba, sankhani kunyumba. Kenaka pa zosankha za chithunzi chokani pa Vivid kapena Dynamic, mutsitse Backlight mpaka pomwe maso akumva bwino. Kuwala kwa kumbuyoku ndi kumene kumadya gawo lalikulu la magetsi a TV ya LED, ndipo timagetsi take timakhalitsa tikapanda kuthamangitsidwa. Amisiri okonza ma TV amalidziwa bwino vuto la TV yomveka mawu koma chithunzi chili bii: kawirikawiri amakhala ma LED akumbuyo atapsa.

Wina wodya mwakachetechete amakhala pansi pa TV. TV yatsopano ikathimitsidwa ndi rimoti imadya zosakwana wati imodzi, pokhapokha ngati mwatchera zoti izidzuka msanga kapena izikhalabe pa intaneti. Dikoda ndiye ambiri saithimitsa n'komwe. Ya mawati 12 ikakhala choyaka usana ndi usiku, pa mwezi yadya mayunitsi opitirira 8, kuposa TV ya mainchesi 32 ija yomwe ana amakalipiridwira. Onjezanipo masipika akuluakulu omwe kagetsi kawo sikathima. Ma adaputala okhala ndi switchi amathetsa zonsezi ndi chala chimodzi pogona.

Ndalama ikatsalako, igulireni kachipangizo koteteza TV ku magetsi obwera mwamphamvu, komwe ambiri amati TV guard. Sikachepetsa mayunitsi, koma magetsi akabwerera atathima kamadikira kaye pang'ono kasanawalole kulowa. Funsaninso za galanti musanalipire, ndipo aikulembereni pa lisiti, chifukwa masitolo ambiri salandira TV yopsa ndi magetsi ngakhale itagulidwa dzulo.