Kusamutsa mafayilo kupita pa SSD m'Chigwa cha Shire

M'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu otayipa ndi kusindikiza makalata a m'Chigwa cha Shire, kuyambira pa boma la Chikwawa kudutsa ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje, si zachilendo kupeza kompyuta yomwe imatha mphindi zingapo isanayake bwinobwino, mwini wake n'kumaganiza kuti yakalamba ndipo yofunika kutaya. Kawirikawiri chomwe chimakhala chitatopa ndi chipangizo chimodzi chokha chosungira mafayilo, chomwe amisiri amachitcha hadi disiki, ndipo chikachotsedwa n'kuikapo cha makono chotchedwa SSD, kompyuta yomweyo imayaka m'masekondi owerengeka.

Hadi disiki, yomwe kampani ya IBM inayamba kugulitsa mu 1956, imasunga zinthu pa timbale tokhala ndi mphamvu ya maginito tomwe timazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, pamene kamkono kokhala ndi kamutu kowerengera kamayenda pamwamba pake monga singano ya galamafoni, ngakhale kuti sikayenera kukhudza mbaleyo. Laputopu ikagwa kapena ikagwedezeka ili chiyakire, kamutuko kangathe kukanda mbale, ndipo zomwe zinali pamalo okandikawo zimatayika. SSD ilibe chozungulira chilichonse, chifukwa imasunga zinthu m'timachipi ta mtundu womwe umapezekanso mu fulashi ndi m'mafoni, luso lomwe Fujio Masuoka anatulukira ku kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Pamene hadi disiki ya m'laputopu imawerenga mamegabayiti pafupifupi 100 pa sekondi, SSD ya mtundu wa SATA imafika cha m'ma 550, ndipo ya mtundu wa NVMe, yomwe ndi kachidutswa kakang'ono kolowa pamalo otchedwa M.2, imapitirira 3,000.

Kwa mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi kapena wogwira ntchito za umoyo yemwe amamangirira chikwama cha laputopu pa njinga yamoto n'kuyenda m'misewu ya fumbi ndi mabampu, kupirira kugwedezekaku n'kofunika kuposa liwiro lenilenilo. SSD imadyanso moto wochepa, kotero batire limakhalitsako, zomwe si nkhani yaing'ono m'dera lomwe likudziwa bwino vuto la magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la malo opangira magetsi a Kapichira m'boma la Chikwawa, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo sanayambenso kugwira ntchito mpaka mu 2023.

Ntchito yosamutsa imayamba SSD isanagulidwe. Wogula ayenera kudziwa ngati kompyuta yake imalandira SSD ya SATA, yomwe imalowa pamalo enieni pomwe panali hadi disiki, kapena ya M.2, popeza makompyuta akale ambiri alibe malo a mtundu wachiwiriwu. Ayeneranso kuona kuchuluka kwa zomwe zili pa disiki yakale, chifukwa disiki ya magigabayiti 500 yomwe ili ndi zinthu zokwana 180 ingathe kusamukira pa SSD ya 256, koma ikakhala yodzaza sizingatheke pokhapokha mafilimu, nyimbo ndi zina zosafunikira zitachotsedwa. Chachikulu pa zonse, chomwe anthu ambiri amachidumpha pofuna kufulumira, ndicho kukopera mafayilo ofunika pa disiki yakunja kapena pa fulashi ntchito isanayambe.

Njira zosamutsira zilipo ziwiri. Yoyamba, yomwe amisiri amati kukulona, ndiyo kukopera disiki yonse monga ilili, kuphatikizapo Windows, mapulogalamu ndi tizigawo tobisika tomwe timathandiza kompyuta kuyaka, kotero kuti mwini wake amapeza chilichonse pamalo pomwe anachisiya. SSD yatsopano imalumikizidwa ndi kachingwe ka USB kapena kabokosi kake, kenako pulogalamu monga Clonezilla, yomwe ndi yaulere, kapena yomwe makampani ngati Samsung amapereka kwa ogula zipangizo zawo, ndiyo imagwira ntchitoyo. Pamenepa pali ngozi imodzi yomwe ilibe mankhwala: pulogalamu imafunsa disiki yotengako ndi disiki yolembapo, ndipo wosokoneza ziwirizi amafufuta disiki yakale poilemba zopanda kanthu za pa yatsopano. Njira yachiwiri ndiyo kuika Windows mwatsopano pa SSD n'kubwezeretsa mafayilo okha. Imatenga nthawi ndipo imadya bandulo yambiri ya intaneti, koma ndiyo yoyenera kompyuta yomwe yakhala ikulandira mafulashi a anthu osiyanasiyana, popeza kukulona kumasamutsa mavairasi pamodzi ndi mafayilo.

Kukopera kungatenge ola limodzi kapena maola angapo, ndipo magetsi akazima pakati pa ntchito zonse zimayambidwanso. Laputopu ikhale ndi batire lodzaza ndiponso yolumikizidwa ku magetsi, pamene kompyuta ya patebulo ikufunika UPS, lomwe ndi bokosi la batire losunga moto kwa kanthawi magetsi akazima, kapena sola yodalirika. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha m'chigwachi kumapitirira madigiri 40, ndi bwino kugwira ntchitoyi m'mamawa, chifukwa hadi disiki yokalamba yomwe ikuwerengedwa mosalekeza m'chipinda chofolera ndi malata ingathe kufa ntchito isanathe. Ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, njira ya Windows yobisira mafayilo kuti wakuba asawawerenge, nambala yake yotsegulira ya manambala 48 ilembedwe papepala kaye. Kukopera kukatha, kompyuta imazimitsidwa, disiki yakale imachotsedwa, SSD imalowa m'malo mwake, ndipo yakaleyo isafufutidwe kufikira patapita masabata angapo mwini wake atatsimikiza kuti palibe chosowa.

Pali chikhulupiriro chomwe chiyenera kutsutsidwa mwamphamvu, chakuti zomwe zili pa SSD ndi zotetezeka mpaka kalekale. Hadi disiki nthawi zambiri imachenjeza isanafe, mwa phokoso lachilendo kapena kuchedwa, koma SSD ingathe kusiya kugwira ntchito mwadzidzidzi, ndipo fayilo yofufutidwa molakwitsa imavuta kuibweza chifukwa cha lamulo lotchedwa TRIM, lomwe limachititsa SSD kuyeretsa malo omwe asiyidwa. Kuwonjezera apo, timachipi take timasunga zinthu ngati mphamvu yochepa ya magetsi yomwe imatha pang'onopang'ono chipangizocho chikakhala nthawi yaitali chosalumikizidwa, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuthako. Muyezo wa bungwe la JEDEC umafuna kuti SSD wamba yomwe yagwira ntchito mpaka pa malire a moyo wake isunge zinthu kwa chaka chimodzi pa madigiri 30, kutentha komwe ku Ngabu kapena ku Nsanje kumapitiriridwa masiku ambiri a chaka. SSD yotsekeredwa m'kabati kwa zaka, choncho, si malo osungirako kaundula wa sukulu kapena wa gulu la alimi.

Madzi nawo sasankha mtundu wa disiki. Kusefukira kwa mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 zinamiza nyumba ndi masukulu m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo kope lomwe lili m'chipinda chimodzi ndi kompyuta limamira pamodzi nayo. Hadi disiki yakale ikaikidwa m'kabokosi ka USB imasanduka chosungira chachiwiri chotsika mtengo, koma iyenera kukhala m'nyumba ina ya pamtunda, ndipo zikalata zofunikitsitsa zikhalenso ndi kope pa intaneti, monga pa Google Drive pomwe magigabayiti 15 oyamba ndi aulere. Ngati disikiyo ikugulitsidwa kapena kusiyidwa kwa mmisiri, ifufutidwe ndi pulogalamu yolemba pamwamba pa disiki yonse, popeza kufomata mwachangu sikuchotsa kwenikweni maina a odwala, a ophunzira kapena a olandira thandizo. Mkulu wa ofesi kapena wa sukulu aliyense yemwe akuvomereza kugula SSD aikenso mu bajeti yomweyo ndalama za kabokosi ka USB, ndipo asankhe munthu mmodzi woti azikopera mafayilo sabata iliyonse, makamaka mvula isanayambe mu Novembala.