Momwe phindu la mitengo ya mumzinda amaliyezera kuchokera kumwamba

Nyengo yodzala mitengo ikafika, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timauzidwa chiwerengero cha mbande zomwe zadzalidwa. Zomwe sitimva kawirikawiri n'zakuti yapulumuka ndi ingati, ili m'madera ati, ndipo ikuthandiza motani anthu a mumzinda. Komatu njira yodziwira zimenezi ilipo, ndipo nzika iliyonse iyenera kuimvetsa.

Ntchito imayambira pa zithunzi za setilaiti. Landsat ya ku America yakhala ikujambula dziko kuyambira mu 1972, ndipo kuyambira mu 2008 zithunzi zake n'zaulere. Sentinel-2 ya ku Ulaya, yomwe inayamba mu 2015, imajambulanso malo omwewo pakapita masiku asanu, ndipo kadontho kamodzi pachithunzi chake kamaimira malo a mamita 10 m'litali ndi m'lifupi. Tsamba lamoyo limameza kuwala kofiira koma limabweza kuwala kwina komwe maso athu sangakuone. Malata, phula ndi dothi sizitero. Kompyuta ikayerekeza kuwala kuwiriku imatulutsa muyeso wotchedwa NDVI, wosonyeza pomwe pali zomera zobiriwira. Landsat 8, yomwe inakwezedwa mu 2013, imayezanso kutentha kwa pansi, choncho munthu angathe kuika mapu a mitengo pambali pa mapu a kutentha n'kuona yekha kuti dera la malata okhaokha likupsa bwanji poyerekeza ndi la mithunzi.

Koma setilaiti imanamizika, ndipo apa m'pofunika kusamala. Nthawi ya dzinja chimanga cha m'mapuloti chimabiriwira ngati nkhalango. Msangu umayoyola masamba mvula ikugwa n'kuphukira chilimwe, pomwe mitengo yambiri ya m'tchire la kwathu imayoyola nthawi yachilimwe. Wosankha chithunzi cha mwezi wolakwika apeza yankho lolakwika. N'chifukwa chake akatswiri amatsika pansi: amasankha malo angapo, kulemba mtundu wa mtengo uliwonse, kutalika kwake ndi kukula kwa thunthu pa msinkhu wa mamita 1.3. Miyeso imeneyi ndiyo amalowetsa m'mapulogalamu ngati i-Tree, ya nthambi ya zankhalango ya boma la America, yomwe imawerengera kaboni wosungidwa m'mitengo, madzi a mvula omwe masamba atchinga, ndi utsi womwe wachotsedwa mumpweya. Lipoti lopanda miyeso ya pansi musalikhulupirire msanga.

Mzinda wa Freetown ku Sierra Leone unaphunzira kufunika kwa mitengo ndi misozi. Mu Ogasiti 2017 phiri la Sugar Loaf linagumuka, anthu oposa 1,000 n'kufa kapena kusowa. Mu 2020 meya Yvonne Aki-Sawyerr anayambitsa ntchito yodzala mitengo 1 miliyoni. Mtengo uliwonse amaujambula ndi foni yosonyeza malo ake enieni, ndipo osamalira amalipidwa akaonetsa kuti udakali moyo. Aliyense amene anaona matope akutsika m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti nkhaniyi si yachilendo kwa ife.

Simufunika digiri kuti muyambe. Pa Google Earth pali zithunzi za zaka zam'mbuyo. Yang'anani phiri la Ndirande kapena m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, muyerekeze kale ndi lero. Global Forest Watch, yomwe inatsegulidwa mu 2014, imasonyeza pomwe mitengo yatha chaka ndi chaka, ngakhale mtengo umodzi wa pakhomo siiuona.

Mulinso ndi ufulu wofunsa khonsolo yanu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo makhonsolo nawo limawamanga. Lembani kalata ku khonsolo yanu kapena pitani kwa khansala wa dera lanu, mupemphe mapu a mitengo ya wodi yanu ndi ndalama zomwe zaikidwa zoisamalira. Akakana kukuyankhani, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, yomwe imayang'anira lamuloli.