Magetsi a galimoto akamavuta mwa apo ndi apo: momwe mungapezere vuto

Alimi ambiri a ku Tsangano, Lizulu ndi madera ena a m'boma la Ntcheu amadalira galimoto potengera tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere kumsika. Tomato sadikira. Galimoto ikakana kulira m'mawa wa tsiku la msika, katundu amayamba kuonongeka ndipo mumagulitsa motaya.

Vuto losautsa ndi lija lobwera n'kuchoka. Lero yalira, mawa yakana. Nyali zikuphethira panjira, koma mukafika kwa makaniko zonse zili bwinobwino. Nthawi zambiri sipakhala chipangizo chakufa, koma waya wokhwefuka, wadzimbiri kapena wosupuka. Choncho musathamangire kugula batire kapena sitata yatsopano.

Chimachititsa n'chiyani?

Magetsi amatuluka m'batire kudzera pa mutu wa pulasi n'kubwerera kudzera m'chitsulo cha galimoto ndi waya wa mainasi, umene amakaniko amati earth. Polumikizira pamodzi pakakhwefuka, magetsi amadutsa nthawi zina, nthawi zina ayi. Mabampu a misewu ya kumidzi, fumbi, matope ndi makoswe ndi zimene zimayambitsa zimenezi.

Yambani ndi kulemba nthawi imene vuto limabwera

- Pa mabampu: ganizirani waya wokhwefuka kapena wosupuka.
- Mvula ikagwa kapena mukaoloka mtsinje: madzi alowa polumikizira mawaya.
- M'mawa kukazizira, makamaka mu June ndi July: batire yafooka kapena mitu yake yada.
- Mukayatsa nyali, waipa ndi hutala pamodzi: onani earth ndi alternator.

Fufuzani motsatira ndondomeko iyi

1. Mitu ya batire. Zimitsani injini, kenako gwedezani mutu uliwonse ndi dzanja. Ukazungulira, ndiye kuti ndi wokhwefuka. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira, masulani mitu, tsukani ndi madzi osakaniza soda wophikira, palani ndi sandipepa, mangani zolimba n'kupaka girizi pang'ono pamwamba.

2. Waya wa earth. Utsateni mpaka pamene wamangidwa pa chitsulo cha galimoto ndi pa injini. Masulani, palani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, n'kumanganso.

3. Mafyuzi. Zulani imodziimodzi, onani ngati yapsa kapena ikugwedera pamalo pake. Pa mafyuzi afulati, yofiira ndi ya 10, yabuluu ya 15, yachikasu ya 20. Bwezerani ya nambala yomweyo.

4. Mawaya. Lizani injini ndi kuyatsa nyali, mnzanu aziyang'ana pamene inu mukugwedeza mawaya pang'onopang'ono. Nyali zikaphethira, vuto lili pamene mwagwirapo. Onetsetsani pamene mawaya akukhula chitsulo, ndi pamene munthu wina analumikiza wailesi kapena nyali zoonjezera. Ngati mumaimika galimoto pafupi ndi nkhokwe, yang'anani modya makoswe.

5. Lamba ndi alternator. Lamba wokhwefuka amalira mokwiyiza ndipo batire sidzaza. Ngati mungabwereke kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa multimeter, yezani pa mitu ya batire. Batire yodzaza imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikulira. Malole ambiri amakhala ndi mabatire awiri opereka mavoti 24, ndiye manambalawa amawirikiza kawiri.

Chenjerani

- Pomasula batire yambani mutu wa mainasi, pomanga muumalizire womwewo.
- Musasute fodya kapena kuyandikitsa moto pa batire, imatha kuphulika.
- Manja ndi zovala zikhale kutali ndi fani ndi lamba injini ikamalira.
- Musaike waya kapena kapepala konyezimira m'malo mwa fyuzi. Fyuzi ikapsa kachiwiri, pali waya wosupuka umene ukukhudza chitsulo, ndipo galimoto ikhoza kuyaka moto.

Zikakanika

Pitani kwa makaniko wa zamagetsi mutatenga zimene munalemba zija. Muuzeni nthawi imene vuto limabwera ndi zimene mwaona kale, ndipo ayeze chipangizo asanakuuzeni kuti mugule china. Ngati galimoto ndi ya gulu kapena kopaletivi, sankhani munthu mmodzi woti aziona batire ndi mawaya kusanafike tsiku la msika, katundu asanapakiridwe.